Womasulira wokhala m'foni

Pamsika wa Nsungwi ku Area 25, ukangodutsa pomwe amaima anyamata a kabaza, suyenda mtunda usanaone kathebulo ka wokonza mafoni. Pamakhala timasikuludiraiva tonga singano, mswachi wakutha wochotsera fumbi, kabotolo ka sipiriti, ndi mafoni angapo ovundukulidwa kumsana atagonekedwa chafufumimba. Masana ena ndidakhala pabenchi la pambali pa kathebulo kotere, kudikira kuti andisinthire galasi losweka, ndipo madandaulo amene ndidamva adali amodzimodzi ngakhale eni ake samadziwana. Wina akuti foni yayamba kustaka. Wina akuti ikumatentha ngati mbaula. Mayi wina wogulitsa zitenje ndiye adafotokoza bwino kuposa onse. Akatuluka pa WhatsApp kuti akaone uthenga wa ndalama imene kasitomala watumiza, pobwerera amapeza zonse zatsekeka, ayambenso kudikira kuti zitseguke, kasitomala ali chiimire.

Mnyamata wokonzayo adaitembenuza foniyo, kuyesa batire, kupukuta potchajira, kenako n'kuibweza. "Amayi, palibe chafa umu. Foniyi yangochepa mphamvu." Mayiwo adailandira mosakhutira, ndipo ndidawamvetsa. Ukapita ndi mwana kuchipatala n'kuuzidwa kuti palibe matenda, pomwe ukuona ndi maso ako kuti sakudya, mtima sukhala pansi.

Komatu mnyamatayo sadaname. Chimene chimawavuta mayiwo sikuludiraiva sichifikako.

Mkati mwa foni iliyonse muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. N'kothamanga zedi, koma kamamva chilankhulo chimodzi chokha, cha manambala, ndipo mtundu uliwonse wa purosesa uli ndi chakechake. Wolemba pulogalamu salemba m'manambalawo. Amalemba m'chilankhulo chimene munthu angathe kuwerenga, monga Java kapena Kotlin. Pakati pa awiriwa pamafunika womasulira. Aliyense amene adakhalapo m'khoti, kapena pamsonkhano wa chitsitsimutso pomwe mlaliki ndi mlendo, akudziwa kuti uthenga umayenda ndi liwiro la womasulira. Iye akamakoka, mpingo wonse umakoka naye, ngakhale mlalikiyo atakhala moto.

Akatswiri a makompyuta adapeza njira yochenjera. M'malo molemba pulogalamu imodzi kambirimbiri kuti ikwanire purosesa iliyonse, adagwirizana zoyerekeza kuti pali kompyuta ina ya m'maganizo chabe, ndipo aliyense azilembera imeneyo. Kenako pa chipangizo chenicheni chilichonse amaikapo pulogalamu yodzisandutsa kompyuta ya m'maganizo ija. Imamva malamulo olembedwawo n'kumawatembenuzira m'chilankhulo cha purosesa yomwe ilipo. Pulogalamu yodzisandutsayo ndiyo amaitcha virtual machine. Si chitsulo ayi, sungaigwire, koma pafupifupi chilichonse chimene mumatsegula pa foni ya Android chimadutsa m'manja mwake.

Amene adaitchukitsa nzeruyi ndi a kampani ya Sun Microsystems ya ku America, pamene adatulutsa Java m'chaka cha 1995, ntchito imene adaitsogolera James Gosling. Pofika 1999 adakonza Java yaing'ono ya zipangizo za m'manja, J2ME, pamodzi ndi womasulira wake wamng'ono wotchedwa KVM. Chilembo cha K chimaimira kilobyte, kusonyeza kuchepa kwa malo amene amafuna. Amene adagwirako Nokia ya mabatani m'zaka zimenezo adaonapo kachizindikiro ka kapu yofuka nthunzi masewera akamatseguka. Timafayilo tothera ndi .jar timene tinkatumizirana pa Bluetooth tidali mapulogalamu a Java. Opera Mini, imene idafalikira padziko lonse kuchokera mu 2006, idali imodzi mwa iwo, ndipo ambiri a ife intaneti tidaionera koyamba pa kawindo kake kakang'ono kaja. Mxit ya ku Stellenbosch, imene abale athu a ku Joni adaidziwa bwino isanatsekedwe mu 2016, idakulira m'khola lomwelo.

Azaumoyo nawo adapindula. Ena mwa mafomu oyambirira a pafoni osonkhanitsira nkhani za odwala m'midzi adayamba kuyenda pa ma Nokia a Java kudzera m'pulogalamu yotchedwa JavaRosa. Mpaka lero ODK Collect, imene ochita kafukufuku ambiri amayenda nayo m'matabuleti m'midzi mwathumu, imagwiritsabe ntchito JavaRosa mkati mwake.

Koma Java ya mabataniyo idali ndi malire. Masewera oyenda bwino pa foni iyi amakana pa inzake, ndipo mafoni ambiri amangotha kuyendetsa pulogalamu imodzi panthawi.

Choncho pamene Google idagula kampani yaing'ono ya Android mu 2005, idakumana ndi funso lomwe lili pamtima pa nkhani ino: tiike womasulira uti m'foni? Olemba mapulogalamu odziwa Java adali ochuluka, ndipo Google idawafuna onsewo. Koma womasulira wa Sun sidamutenge. Dan Bornstein adalemba wina watsopano n'kumutcha Dalvik, dzina la mudzi wa asodzi wa Dalvík ku Iceland, dziko lomwe lija lakhala likuthandiza kwa zaka zambiri pa zaumoyo, madzi ndi maphunziro ku Mangochi. Foni yoyamba ya Android, HTC Dream, idatuluka mu 2008 ili ndi RAM (malo amene foni imagwirirapo ntchito) ya 192 MB yokha. Foni yotsika mtengo ya 2 GB imene mungaipeze lero m'timashopu ta pa Nsungwi ili ndi RAM yoposa pamenepo kakhumi. Dalvik adabadwira m'umphawi wa malo, ndipo kapangidwe kake konse kadali kopulumutsa RAM ndi batire.

Womasulira wa Java wa nthawi zonse amasunga manambala ake ngati mbale zosanjikiza: amatenga ya pamwamba pokha, ndipo kuti aphatikize manambala awiri ayenera kusanjika, kusanjikanso, kenako kuchotsa. Dalvik amawayala padera ngati milu ya tomato pabenchi, uliwonse pamalo pake, n'kungoloza umene akufuna. Mwa njira iyi malamulo amachepa. Mafayilo a pulogalamu nawo amaphatikizidwa kukhala mtundu wotchedwa dex, momwe mawu obwerezabwereza amalembedwa kamodzi kokha.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'kapangidwe kameneka ndi chinthu chotchedwa Zygote, dzina lobwereka kwa asayansi ya zamoyo, lotanthauza selo loyamba limene mwana amayambira m'mimba. Foni ikangoyaka, Android imadzutsa womasulira mmodzi n'kumukonzera zida zonse zimene mapulogalamu ambiri amafuna. Mukatsegula pulogalamu, foni siyamba kukoleza moto watsopano ndi machesi ndi mapepala. Imakapala moto pa mbaula yoyaka kale ija, monga timachitira m'maloko mwathumu m'mawa, kupita ndi kaphale kwa aneba. Pulogalamu iliyonse imalandira womasulira wakewake wophukira pa woyambayo, n'kukhala m'chipinda chakechake. Maloko a zipindazo amawasunga ndi Linux, maziko amene Android idamangidwapo, ndipo n'chifukwa chake masewera a mwana sangangolowa n'kuwerenga za m'pulogalamu ya banki.

Kusankha kwa Google kogwiritsa ntchito Java popanda womasulira wa Sun kudabala mlandu. Oracle itagula Sun mu 2010, chaka chomwecho idasumira Google chifukwa chotengera mbali zina za Java mu Android. Mlanduwo udayenda zaka zoposa khumi mpaka mu Epulo 2021, pamene khoti lalikulu la ku America lidagamula mokomera Google. Apple, imene idatulutsa iPhone mu 2007, idadzera njira ina. Poti imapanga yokha mafoni ake ndipo ndi a mitundu yochepa, mapulogalamu ake amamasuliridwa kale asanafike m'foni. Android sikadatha kutero mosavuta, chifukwa imayenera kukwana m'mafoni a makampani ambirimbiri, kuyambira Samsung mpaka Tecno, itel ndi Infinix za kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, zomwe zadzadza m'misika mwathu.

Tsono apa ndi pamene nkhani imafika pa foni ya mayi wa zitenje uja.

Pali njira zitatu zomasulirira. Yoyamba ndi ya womasulira wa m'khoti: wamva chiganizo, wamasulira, wamva china, wamasulira. Ngati mboni yabwereza mawu omwewo kakhumi, iyenso amawamasulira kakhumi. Umu ndi momwe Dalvik adayambira, ndipo purosesa imatopa, batire n'kumatha msanga. Mu 2010, pa Android 2.2, adamuphunzitsa njira yachiwiri, ya JIT. Akaona kuti mbali ina ya pulogalamu ikubwerezedwa kawirikawiri, amaimasulira kamodzi n'kuisunga pafupi, ngati womasulira wa m'tchalitchi amene waloweza mavesi omwe abusa amakonda. Kungoti pulogalamu ikatsekedwa zolowezazo zimaiwalika, mawa ayambirenso.

Njira yachitatu ndi yomasulira buku lonse lisanafike kwa owerenga, monga adachitira ndi Buku Lopatulika. Wowerenga amangotsegula n'kuwerenga, osadikira munthu. Iyi ndiyo idabwera ndi womasulira watsopano wotchedwa ART. Mu 2013, pa Android 4.4 KitKat, zidachitika zosachitikachitika: mwini foni adapatsidwa mwayi wosankha yekha. Ukagogoda kasanu ndi kawiri pa Build number, pamatseguka malo obisika a akatswiri, ndipo m'menemo mudali posankha pakati pa Dalvik ndi ART. Chaka chotsatira, pa Android 5.0 Lollipop, Dalvik adapumitsidwa, ART n'kutsala yekha.

Mapulogalamu adayamba kutseguka msanga, koma buku lomasuliridwa lonse limafuna shelefu. Pulogalamu iliyonse idayamba kudya malo ochuluka, kuilowetsa m'foni kumatenga nthawi, ndipo okonza mafoni akukumbukira bwino uthenga uja wa "Optimizing app" umene umawerenga mapulogalamu imodziimodzi foni ikalandira Android yatsopano, kasitomala akuyang'ana dzuwa. Kwa mwini foni ya sipesi ya 8 GB, mtengo wake udali wowawa.

Mu 2016, pa Android 7.0, adaphatikiza njira zonse zitatu, ndipo mpaka lero ndi momwe zikuyendera. Pulogalamu ikangolowa kumene, ART amayamba ngati womasulira wa m'khoti, akuloweza zobwerezedwa, komanso akulemba m'kabuku kake mbali zimene mwini foni amagwiritsa ntchito kwambiri. Kenako amadikira nthawi yabwino kuti amasulire mbali zokhazo n'kuzisunga mpaka kalekale. Nthawi yabwinoyo, malinga ndi momwe Android idakonzedwera, ndi pamene foni ili pa tchaja, ili yoyaka, ndipo palibe akuigwira.

Amene adakonza lamuloli adali kuganiza za munthu wosomeka foni pambali pa bedi n'kugona mpaka m'mawa. Ganizani tsopano za ife. Magetsi akathima m'mawa n'kubwera usiku, foni timaitchaja tikuigwiritsa ntchito, chingwe chili lendelende, chifukwa mauthenga a tsiku lonse akudikira. Ena timakaisiya pa barbershop kapena pa kashopu ka sola, ndipo ambiri timayamba taizimitsa kuti idzaze msanga. Foni yozima simasulira kanthu. Foni imene ili m'manja nthawi yonse yotchaja nayonso sipeza mpata. Ntchitoyi imafunanso malo, kotero sipesi ikadzaza ndi mavidiyo a m'magulu a ukwati, a mpingo ndi a banki m'khonde, ART amaisiya. Sindikunena kuti kutchaja foni ili yoyaka kungasandutse kafoni kakang'ono kukhala kamphamvu. Koma ndi thandizo laulere limene ambiri timaliphonya osadziwa kuti liliko.

Palinso nkhani ya momwe timapezera mapulogalamu. Bandulo ndi yodula, ndipo palibe angadzudzule munthu wopempha mnzake kuti amuponyere pulogalamu pa Xender. Kungoti yochokera ku Google Play kawirikawiri imabwera ndi kabuku kaja kolembedwa kale, kochokera pa momwe anthu ena aigwiritsira ntchito, ndiye ART amadziwiratu zoti amasulire. Yoponyeredwa nthawi zambiri imafika yopanda kabukuko. Chinanso, mapulogalamu ambiri ali ndi zigawo zina zolembedwa mwachindunji m'chilankhulo cha purosesa, zosadutsa kwa womasulira, ndipo Google Play imapatsa foni iliyonse zigawo zoyenera iyo yokha. Mukaponya yochokera pa foni ya 64-bit kupita pa ya 32-bit, musadabwe ikakana kulowa. Za mapulogalamu osinthidwasinthidwa ndi anthu osadziwika, aja amalonjeza kuonetsa mauthenga ofufutidwa, ndinene mosabisa kuti ndimaopa. Loko wa chipinda sathandiza ngati mwini nyumba wapereka yekha kiyi, ndipo chilolezo chowerenga ma SMS pa foni yolandirira ndalama ndi kiyi wamkulu.

Vuto lenileni la mayi aja lidali RAM. RAM ndi thebulo logwirirapo ntchito, pomwe sipesi ndi nkhokwe. Pulogalamu iliyonse yotseguka, ndi womasulira wake, imafuna gawo pathebulopo. ART ali ndi wosesa wake amene amayendayenda kuchotsa zinthu zimene pulogalamu yathana nazo, ndipo thebulo likachepa wosesayo amagwira ntchito pafupipafupi, foni n'kumadodomadodoma. Zikafika pothina, Android imatseka pulogalamu imene simukuiyang'ana kuti imene mukuiyang'ana ipume. Ndiye mayi akapita kukaona uthenga wa ndalama, WhatsApp imachotsedwa pathebulo, ndipo pobwerera iyenera kukapalanso moto. Foni sinawonongeke. Ikuchita zomwe idapangidwira pamene malo achepa.

N'chifukwa chake timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa ndi kuthamangitsa foni nthawi zambiri timangowonjezera mavuto. Timatseka zinthu zimene foni iyenera kudzazitsegulanso, ndipo tokha timakhala pathebulo pomwepo tikudya malo ndi kuonetsa malonda. Chenjeraninso ndi makatoni olembedwa manambala awiri ophatikiza, monga 2 GB + 2 GB. Nambala yoyamba ndiyo RAM yeniyeni. Yachiwiriyo ndi gawo la nkhokwe lobwerekedwa, ndipo nkhokwe ndi yochedwa kuposa thebulo. Google idatulutsa Android Go mu 2017 poganizira mafoni a RAM ya 1 GB kapena kucheperapo, koma pofika Android 13 Go mu 2022, mlingo wochepetsetsa udakwera kufika pa 2 GB. Mapulogalamu akunenepa chaka ndi chaka.

Womasulira amakalambanso, ndipo akakalamba foni imasiyidwa m'mbuyo ngakhale galasi lake lili lowala. WhatsApp idasiya kugwira pa Nokia S40, mafoni a Java aja, kumapeto kwa 2018. Kuyambira pa 24 Okutobala 2023 idayamba kufuna Android 5.0 kapena yoposerapo, kutanthauza kuti mafoni onse a m'badwo wa Dalvik adatsala panja. Kwa ogula mafoni a kaunjika, ochokera ku Joni kapena kwina, funso loyamba lisakhale la kamera. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, muone nambala ya Android. Kuyambira pa Android 12, ya mu 2021, ART amatha kulandira zatsopano kudzera ku Google Play popanda kudikira kampani yopanga foniyo, ndipo ichi n'chinthu chachikulu kwa ife amene foni imodzi timakhala nayo zaka zambiri.

Pamene zonsezi zikusinthasintha, pali njira imodzi imene sinasiyepo munthu. Mukaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, pulogalamu sikhala m'foni mwanu. Imayenda pa makompyuta a kampani, foni n'kumangoonetsa mawu ndi kutumiza manambala amene mwadina. N'chifukwa chake agogo a kumudzi ndi kafoni kawo ka tochi amalandira ndalama chimodzimodzi ndi bwana wa ku City Centre. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011, chidasankhanso njira yofikira aliyense: kuimba ndi kulankhula. Ngakhale m'foni ya mabatani yotereyi womasulira sasowa kwenikweni, poti ma SIM khadi ambiri ali ndi kakompyuta kakang'ono koyendetsa Java Card.

Funso lija Google idakumana nalo mu 2005 tsopano lili m'manja mwa achinyamata athu ophunzira zamakompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni ndi ku UNIMA, komanso amene akulemba mapulogalamu a mabanki, a alimi ndi a alangizi a zaumoyo. Wolemba ndi Kotlin amadalira ART amene ali kale m'foni. Wosankha React Native amanyamula womasulira wina wa JavaScript mkati mwa pulogalamu yake, monga Hermes, amene Facebook idamutulutsa mu 2019 poganizira mafoni ochepa mphamvu. Wosankha Flutter amamasuliratu zolemba zake, koma amanyamula injini yakeyake yojambulira zooneka pagalasi. Njira iliyonse ili ndi ubwino wake, ndipo ziwiri zomalizazi zimapeputsa ntchito ya wofuna kufikira Android ndi iPhone nthawi imodzi. Koma katundu aliyense wonyamulidwa amalipiridwa ndi munthu wina, pa bandulo yodawunilodira ndi pa thebulo lake laling'ono lija. Chimene ndimapempha olemba mapulogalamu athu n'chakuti asanasankhe, agule kafoni ka 2 GB pa Nsungwi, akadzaze ndi zithunzi ngati momwe timachitira tonsefe, ayesere pamenepo. Pulogalamu ya mlangizi wa zaumoyo ikatsekeka ali pakati polemba za mwana wotentha thupi, amene adasankha zida ali mu ofesi sakhalapo kuti aone.

Mayi wa zitenje uja sadachoke msanga. Mnyamatayo, ataona kuti sadakhutire, adawapempha foniyo kachiwiri. Adalowa mu Settings n'kuwaonetsa ndi chala: Android 11 Go, RAM 1 GB, sipesi yotsala pang'ono kudzaza. Adapeza timapulogalamu tiwiri toyeretsa foni timene mdzukulu wawo adaikamo, n'kuwafunsa ngati angatichotse. Adavomera. Mavidiyo a kwaya adawasamutsira pa memori khadi, Facebook yaikulu n'kuisintha ndi Facebook Lite. Ine ndidawonjezapo za kutchaja ili yoyaka usiku magetsi akabwera.

"Ndiye isiya kuvuta, mwanangu?"

"Ichepetsako, amayi. Koma mukapeza kangachepe, tidzayang'ane ya 3 GB."

Adafunsa mtengo wa ntchitoyo, mnyamatayo n'kupukusa mutu kuti palibe. Mayiwo adamanga foni ija pakona ya chitenje pamodzi ndi ndalama za tsikulo, n'kubwerera ku benchi lawo komwe mnzawo amawayang'anira katundu.